Funsani za Maimbidwe: Donald MacLeod ndi chitoliro cha thumba

Makalata ambiri a mwezi uno agwera kumodzi, ku Scotland, kumene ndinakhala zaka 9 ndikugwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Glasgow. Ndasankhapo asanu.

Akulu, mdzukulu wanga anandionetsa pa foni kanema wa maliro a Mfumukazi Elizabeth a mu 2022. Chakumapeto kunatulukira bambo atavala siketi, atapanira thumba m'khwapa, akuliza chinthu chomveka ngati njuchi zili mumng'oma. Ankayenda pang'onopang'ono kutuluka m'tchalitchi mpaka kulirako kunazilala, ine misozi ili chuchuchu. Chimenechi n'chiyani, nanga mpweya wosathawo amautenga kuti? Gogo wa ku Malosa, Zomba

Gogo, eni ake amachitcha bagpipe m'Chingelezi, ndipo m'chiyankhulo cha makolo awo cha Gaelic amati pìob mhòr, kutanthauza chitoliro chachikulu. Ine ndimangoti chitoliro cha thumba. Chovala chija si cha amayi ayi, ndi kilt, chovala chaulemu cha amuna a kumapiri a ku Scotland. Bambo munamuonayo anali Paul Burns, msilikali amene ntchito yake inali kuliza chitolirochi m'mawa uliwonse panja pa zenera la Mfumukazi.

Mpweya umakhala m'thumbamo. Thumba la makolo ndi lachikopa cha nkhosa, ngakhale masiku ano ambiri akugwiritsa ntchito lansalu yapafakitale. Woliza amauzira mpweya m'kapaipi kamene kali ndi kachotsekera kosalola mpweyawo kubwerera kukamwa. Iye akamapuma, mkono umafinya thumba, ndipo akayambanso kuuzira mkono umamasuka pang'ono. Ndiye kulirako sikuduka. Pathumbapo pamachoka mapaipi ena anayi. Atatu amagona paphewa, awiri aafupi ndi imodzi yayitali, ndipo alibe mabowo a zala, amangong'ung'udza liwu limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Njuchi munamva zija ndi amenewo. Yachinayi imaloza pansi, dzina lake chanter, ndipo ndi imene imatulutsa nyimbo. Ili ndi mabowo 8, asanu ndi awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo la chala chachikulu. M'kati mwa paipi iliyonse muli kabango kopyapyala kamene kamanjenjemera mpweya ukadutsa.

Chodabwitsa n'chakuti chida chonsechi chili ndi manotsi 9 okha. Sichitha kulira motsitsa, sichitha kukweza, ndipo sichitha kukhala chete pakati pa nyimbo. Ndicho chifukwa chake bambo uja anachita kuyenda kutuluka panja kuti kulira kuzilale. Pofuna kulekanitsa noti ndi inzake, woliza amagwedeza chala mwachangu ngati kuphethira kwa diso, n'kuponyamo timanotsi ting'onoting'ono. Luso lonse lagona pamenepo ndi pa kudziwa noti yoti uikhalitse. Tsiku limene ndinanyamula chitolirochi koyamba ndinapirira mphindi ziwiri zokha, milomo inachita dzanzi, mpweya n'kumathawira m'mbali.

Mwezi watha poyankha za ng'oma munangotchula modutsa kuti munthu amene anakuphunzitsani kumvetsera ndi Donald MacLeod wa ku Scotland, koma munati simunakumane naye. Anali yani? Mphunzitsi wa sekondale, Kasungu

Aphunzitsi, mwakhudza pamene pamandiyabwa, ndiye mundilole ndikhalepo pang'ono.

Donald MacLeod anabadwa pa 14 Ogasiti 1916 ku Stornoway, tauni ya padoko pa chilumba cha Lewis, kumpoto chakumadzulo kwa Scotland. Ndinapitako kamodzi pa sitima yochokera ku Ullapool, ulendo wa maola awiri ndi theka panyanja ya Minch. Chilumbacho mitengo ndi yowerengeka, mphepo imawomba usana ndi usiku, ndipo m'midzi anthu amayankhulabe Gaelic. Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi n'kumva akuimba masalimo m'chiyankhulocho: mkulu mmodzi amayambitsa mzere, mpingo wonse n'kuulandira, aliyense akuukoka mwa iye yekha. Ine wokulira m'kwaya ya CCAP ndinangokhala duu, tsitsi lili nyaunyau. MacLeod anakulira pakati pa maimbidwe amenewo.

Mphunzitsi wake woyamba anali bambo ake, amene ankatsogolera gulu la oliza zitoliro la pachilumbapo. Kenako anadutsa m'manja mwa Willie Ross, katswiri wotchuka wa nthawi imeneyo. Koma amene anamuumba kwenikweni ndi John MacDonald wa ku Inverness, mkhalakale amene anabadwa mu 1865 n'kumwalira mu 1953. MacLeod anakhala akupita kwa mdalayu kwa zaka zoposa 20. Taganizani, munthu wopambana kale mipikisano, mtsogoleri wa anzake, koma akubwererabe kukakhala pansi kwa mphunzitsi yemweyo. MacDonald nayenso anaphunzira kwa akuluakulu a banja la Cameron ndi kwa Malcolm MacPherson, ndipo mzere wa aphunzitsiwo ukautsatira umakafika kwa a MacCrimmon a pa chilumba cha Skye, banja limene kwa mibadwomibadwo linkalizira mafumu a fuko la MacLeod ku Dunvegan. Kumeneko woliza chitoliro amafunsidwa kuti anaphunzira kwa yani, monga momwe ife timafunsira mfunda wa munthu.

Mu 1937 analowa usilikali m'gulu la Seaforth Highlanders. Anali munthu wamfupi, moti mpaka lero amamutchula kuti Wee Donald, kapena kuti Donald wamng'ono. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba anapita ku France, ndipo mu Juni 1940 anagwidwa ndi Ajeremani ku St Valery pamodzi ndi asilikali zikwizikwi a 51st Highland Division. Akuwayendetsa wapansi kupita ku ndende za akaidi a nkhondo, iye anazemba pamzere n'kuthawa. Anthu akwawo amasimba kuti akaimitsidwa panjira ankayankha m'Gaelic, omufunsawo n'kumuyesa munthu wa kum'mawa kwa Ulaya, n'kumusiya. Anakafika kwawo, ndipo mu 1941 anakhala Pipe Major, mtsogoleri wa oliza zitoliro, ali ndi zaka pafupifupi 25. Mu 1945, asilikali akuwoloka mtsinje wa Rhine kulowa m'kati mwa Germany, iye anawoloka nawo akuliza chitoliro, ngakhale mkulu wake anali atamulangiza kuti asatero.

Nkhondo itatha anakhazikika ku Fort George, kufupi ndi Inverness, akuphunzitsa asilikali achinyamata. Mipikisano ikuluikulu ya woliza payekha ilipo iwiri, wa ku Inverness ndi wa ku Oban, ndipo uliwonse umapereka mendulo ya golide imene munthu amailandira kamodzi kokha pamoyo wake. MacLeod anatenga ya ku Inverness mu 1947, ya ku Oban mu 1954. Pamwamba pa izo pali mpikisano wa okhawo amene anapambana kale golide, wotchedwa Clasp, ndipo umenewo anautenga maulendo 8.

Atatuluka usilikali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anapita ku Glasgow, kumene anagwira ntchito pa kampani yopanga zitoliro ya Grainger and Campbell. Mu 1978 analandira MBE, ulemu umene ufumu wa Britain umapereka kwa anthu amene atumikira bwino dziko. Anamwalira pa 29 Juni 1982, asanakwanitse zaka 66.

Mamendulo ali ndi eni ake ambiri. Chimene chimamusiyanitsa ndi chakuti nyimbo zinkangotumphuka mwa iye ngati kasupe. Anatulutsa mabuku 6 a nyimbo zopepuka, zogubira ndi zovinira, ndi buku linanso la nyimbo zazikulu zopeka yekha. Ankapekera anthu amene ankakhala nawo: ana ake aakazi awiri aliyense ali ndi nyimbo yake, anzake a ku usilikali, ngakhale nyanja ya Minch imene ankawoloka popita kwawo. Ilipo ina yotchedwa Flett from Flotta, imene amati anaipeka potsanzira mayendedwe a msilikali mnzake wa ku zilumba za Orkney. Ukaimva umamuona ndithu munthuyo akubwera chonyang'ama. Lero mukapita ku bwalo la Glasgow Green mu Ogasiti, kumene kumachitikira mpikisano wa magulu a zitoliro a dziko lonse, simungathe tsiku osamva nyimbo ya MacLeod, ndipo achinyamata ena oilizawo amaiyesa nyimbo ya makolo akalekale. Kwawo ku Stornoway chaka chilichonse amaitana akatswiri ochepa kudzapikisana pomukumbukira, ndipo amaliza nyimbo zake pa zitoliro zawo.

Ndimasema ziboliboli za phingo. Mzungu wina wogula anandiuza kuti zitoliro za ku Scotland amazipanga ndi mtengo womwewu. Kodi n'zoona kapena ankangofuna ndimutsitsire mtengo? Mmisiri wa ku Mangochi

Achimwene, ananena zoona. Phingo, amene a ku Tanzania amati mpingo ndipo Azungu amati African blackwood, ndiwo mtengo umene zitoliro zabwino za ku Scotland zakhala zikupangidwira kwa zaka pafupifupi 100. Kale ankagwiritsa ntchito mitengo ya kwawo komweko, kenako mitengo yolimba yochokera ku zilumba za Caribbean, mpaka anadzakhazikika pa phingo. Zifukwa zake inu mukuzidziwa kuposa ine: ndi wolemera moti umamira m'madzi, uli ndi mafuta akeake, sufufuma msanga ndi chinyezi cha mpweya wa m'kamwa, ndipo ukaubowola m'kati mumasalala ngati galasi. Zitoliro za clarinet ndi oboe nazonso zimadalira mtengo womwewu. Wambiri wopita kunja umachokera ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Amisiri a kumeneko amaudula tizidutswa, n'kuusunga zaka kuti uume asanaubowole.

Kunena zoona, pamene ndinagwira koyamba chitoliro cha mdala wina ku Glasgow n'kuzindikira mtengowo, mtima unandipweteka pang'ono. Phingo amatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti akhwime, ndipo mukudziwa nokha mtunda umene mukuyenda masiku ano kuti mupeze chipika chabwino. Kuyambira mu 2017 malonda a mtengowu pakati pa mayiko amayendera zilolezo za CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera kuti zisathe chifukwa cha malonda. Chiboliboli chanu musachigulitse motchipa.

Ndimaphunzitsa kwaya pogwiritsa ntchito do re mi. Ndinamva kuti oliza zitoliro a ku Scotland amaphunzira nyimbo zawo poimba ndi pakamwa mawu opanda tanthauzo. Zimatheka bwanji? Mayi wotsogolera kwaya, Nkhoma

Mayi, apa ndiye pagona nkhani yonse ya MacLeod, ndipo ndi pamene ine ndinakumana naye ngakhale anali atamwalira kalekale.

Nyimbo za chitolirochi zili pawiri. Zilipo zopepuka zimene ndatchula zija, ndipo ziliponso zazikulu zimene amati piobaireachd, kapena ceòl mòr. Zazikuluzi amaliza munthu mmodzi yekha, popanda ng'oma, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo imodzi imatha kutenga mphindi 10, 15 ngakhale 20. Zina ndi zolira maliro a mfumu, zina zolonjera, zina zoitanira fuko kuti lisonkhane. Imayamba ndi maziko otchedwa ùrlar, mawu otanthauza pansi pa nyumba. Kenako maziko omwewo amabwerezedwa kangapo, ulendo uliwonse zala zikuwonjezera zokometsera, kudutsa gawo la taorluath mpaka la crunluath, pamene zala zimathamanga ngati matalala padenga la malata. Ikafika pamenepo, woliza amabwerera ku maziko aja, ofatsa ngati poyamba.

Vuto ndi lakuti nyimbo zimenezi sizitsata kugunda kofanana kumene mungawombere m'manja. Noti ina imakhalitsa, ina imangodutsa, ndipo kutalika kwake pepala silitha kukunena bwinobwino. Ndiye makolo awo anapanga chiyankhulo choimbira, canntaireachd. Muli mawu ngati hiharin, hodroho, hiharara. Zilembo za liwu monga a, e, o zimanena noti, pamene zinzake monga h, d, r zimanena chochita zala. Kusiyana kwake ndi do re mi yathu n'kwakuti do re mi imakuuzani noti yokha, pamene iyi imakuuzaninso kagwedezedwe ka chala, ndipo mphunzitsi akamaimba, kupuma kwake ndi kunjenjemera kwa mawu ake zimakuuzani pamene nyimbo ikulemera. Mwina munaonapo woimba ng'oma wakale akuphunzitsa mnyamata, amayamba wainena ng'omayo ndi pakamwa asanaikhudze. Ndi zomwezo. Munthu wina dzina lake Colin Campbell analemba nyimbo zambiri m'mawu amenewa cha m'ma 1797, ndipo mabuku ake olembedwa pamanjawo akusungidwa mpaka lero, koma mawu olembedwa popanda woimba ali ngati chikho chopanda madzi.

John MacDonald anamuphunzitsa MacLeod mwa njira imeneyi. Ndipo MacLeod, m'zaka zake zomaliza, anachita chinthu chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa mamendulo ake onse. Anakhala pansi ndi makina ojambulira mawu n'kujambula pa makaseti maphunziro a nyimbo zazikulu zoposa 200. Pa nyimbo iliyonse amafotokoza pang'ono, amaiimba ndi pakamwa, kenako amailiza pa kachitoliro kophunzirira. Zimene zinkafuna kuti munthu awoloke nyanja kukagogoda pakhomo la mphunzitsi, zinayamba kufika pa positi ku Canada, ku Australia, ku New Zealand.

Ine ndinazimva chonchi. Pakati pa okalamba amene ndinkawasamalira panali mdala wina amene anali woliza chitoliro paunyamata wake. Zala zake zinali zitapindika ndi nyamakazi, sankathanso ngakhale kumanga mabatani a malaya. Pansi pa bedi pake panali katoni ya makaseti a MacLeod, ena zilembo zitafufutika. Madzulo ndikamaliza kumumwetsa mankhwala ankati, "Mwana wanga, ika ija ya dzulo." Ndinkayembekezera kumva phokoso la chitoliro, koma m'kawayilesi munkatuluka mawu a bambo wachikulire, ofatsa, akuimba yekhayekha ngati ali m'khitchini mwake. Mdala uja ankatseka maso, zala zopindika zija n'kumagwedera pa bulangete, chilichonse pamalo pake. Milungu yoyamba ine sindinkamva kanthu, zonse zinkafanana. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kulipanikiza pa noti imodzi, osalisiya mpaka MacLeod ataisiya notiyo. "Wamva? Sanathamange." Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumva kuti nyimboyo ikuyankhula, kuti ili ndi pofunsa ndi poyankha.

Panthawi ya MacLeod ambiri ankangoliza nyimbo zazikulu zakale, opeka zatsopano anali osowa. Iye anapeka zoposa 20. Imene imandikhudza kwambiri ndi yolira sitima ya Iolaire. Usiku wolowera pa 1 Januwale 1919, sitimayi inkabweretsa kwawo amuna a ku Lewis ndi Harris amene anapulumuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Inagunda matanthwe otchedwa Beasts of Holm, pakhomo penipeni pa doko la Stornoway, mtunda ukuoneka, ndipo anthu oposa 200 anamira. Kunyumba akazi awo anali atakonza kale chakudya. MacLeod anali ndi zaka ziwiri, ndiye kuti anakula pakati pa amasiye a usiku umenewo. Ife amene makolo athu ankasimba za sitima ya Vipya, imene inamira pa nyanja yathu mu 1946, tikudziwa momwe chilonda chotere chimakhalira m'mudzi. Nditapita ku Lewis ndinayenda wapansi kukafika pa chipilala cha chikumbutso ku Holm. Matanthwewo ali pafupi kwambiri ndi mtunda, moti munthu akakuwa pamenepo mukhoza kumumva.

Ndiye Mayi, do re mi musaisiye, ndi yothandiza. Koma nyimbo ya maliro imene amayi achikulire a mumpingo mwanu amaiimba mosiyana ndi momwe inalembedwera m'buku, tengani foni muwajambule akuiimba okha, muwafunsenso amene anawaphunzitsa.

Mwana wanga wa zaka 11 walowa sukulu kuno imene ili ndi gulu la zitoliro, ndipo akulirira kuti ndimugulire. Ndafunsa mtengo, ndachita kakasi. Nditani? Bambo wa ku Johannesburg

Bambo, musagule chitoliro chathunthu panopa, ndipo mphunzitsi wabwino aliyense akuuzani zomwezo. Aliyense amayambira pa kachitoliro kophunzirira kotchedwa practice chanter. Kalibe thumba, kamalira motsitsa moti anansi sadandaula, ndipo kapulasitiki n'kotsika mtengo. Mwana amakhala nako miyezi ingapo, ena chaka chathunthu, akuphunzitsa zala kutseka mabowo ndi mimba ya chala, osati nsonga, zala zitawongoka. Ngakhale akatswiri sakasiya, MacLeod yemwe ndi kamene ankaliza pa makaseti aja. Nthawi ya thumba ikakwana, funsani kaye kusukuluko, chifukwa magulu ambiri amakhala ndi zitoliro zobwereketsa ana. Chenjerani ndi zotchipa kwambiri za pa intaneti, zambiri ndi zokongoletsera khoma, mpweya umatuluka paliponse ndipo mwana amagwa ulesi.

Akafika pofuna zambiri, ku Glasgow kuli sukulu ya zitoliro ya National Piping Centre imene imaphunzitsanso kudzera pa intaneti, ndipo maphunziro a MacLeod aja anawasamutsa pa makaseti, akupezeka m'njira zamakono. Pakali pano mphindi 15 tsiku lililonse n'zokwanira. Akamaphunzira kanyimbo katsopano, muzimuuza akuimbireni kaye ndi pakamwa, inu mutakhala pamenepo, asanakagwire kachitoliro.